Kuvulala: Ziro

Ku Youngstown chipale chofewa chinayamba Lachiwiri,
ndipo bambo anga akukana kuyatsa hita
mpaka bilu ya mwezi watha italipiridwa.
Takhala pa sofa titavala majekete,
chowongolera chimodzi pantchafu pawo,
china m'manja mwanga.

Dzanja lawo lamanzere linagona chaka chatha,
m'mawa wina ku fakitale ya zitsulo,
ndipo silinadzukebe.
Ndiye tisanayambe masewero
ndimayamba ndalowa m'chipinda cha zosintha,
mndandanda wautali wa timizere tokoka ndi chala
pomwe munthu amaliuza dziko mmene likhalire.

Mabatani onse ndinawasamutsira kumanja.
Kuponya: chala chachikulu.
Kuthamanga: chala chomwecho, ukachikanikiza osachotsa.
Liwiro la adani ndalitsitsa
kuchoka pa makumi asanu kufika pa makumi atatu ndi ziwiri
iwo atapita kuchimbudzi.
Sindinawauze.

Nyengo amasankha okha, ndipo sasintha:
mvula, usiku, bwalo lamatope, mphepo yochokera kumpoto,
ngati Lachisanu lija la 1987
pamene Cleophus Varner, nambala 34,
anathamanga mayadi khumi ndi anayi
bondo n'kulira ngati nthambi youma
sukulu yonse ikuonerera.

Tinaumba Cleophus wina pa sikirini.
Zinatidyera madzulo athunthu:
mphuno, nsidze, msinkhu, mtundu wa chisoti,
tepi yoyera pamkono.
Pa zaka anati lemba khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Pa kulemera ananama ndi mapaundi makumi awiri.
Titafika pamzere wolembedwa kuti kuvulala
ndinaukokera mpaka pa ziro,
iwo n'kuyang'ana pawindo.

Njira zosewerera zilipo zambiri.
Ukhoza kukhala mwini timu,
kugula osewera, kuwagulitsa akakalamba,
kukweza mtengo wa matikiti, kuchotsa ntchito kochi.
Bambo amati zimenezo anaziona ali kunsi kwake
zaka makumi atatu, zinawakwana.
Mchimwene wanga Terrell amalimbana ndi anthu osawaona,
a ku Tulsa, a ku Fresno,
kutukwanizana m'makutu mpaka mbandakucha.
Ife chathu ndi chiyeso cha tsikulo basi.

Cha lero chikuti: mwatsalira ndi mapointi anayi,
kwatsala masekondi makumi anayi ndi imodzi,
mwayi woimitsa wotchi mulibe.
Talephera kasanu.
Makinawa sakwiya, sausa moyo,
amangofunsa ndi zilembo zoyera: Muyesanso?
Funso limeneli dokotala sanawafunsepo,
abwana a kufakitale anangotumiza khadi.

Kachisanu ndi chimodzi mpira wanyamuka ukupota mumvula,
Cleophus wamng'ono waulandira pachifuwa,
wazemba mmodzi,
wazemba wachiwiri amene wagwira mphepo yokha,
matope akuwaza kumbuyo kwake,
bondo lili nganganga,
mayadi khumi ndi anayi, khumi ndi asanu, makumi awiri,
wadutsa mzere womaliza wotchi ili pa ziwiri.
Chowongolera chanjenjemera pantchafu pawo.
Khamu la anthu ojambula laimirira nthawi imodzi
kufuula ndi pakamwa pofanana.

Iwo sanaseke.
"Renita," atero,
"anyamata aja akuthamanga ngati avala majombo a kufakitale.
Wawachita chiyani?"
Ndati sindikudziwa.
"Ndafa dzanja, mwana iwe, maso ndili nawo.
Bwezera pa makumi asanu."

Ndabwezera.
Chala changa chatsika, chaima pamzere wina uja,
wa ziro.
Ndadikira.
Panja galimoto yokankha chipale yadutsa ikukhukhuluza msewu,
nyali yake yachikasu yasesa siling'i yathu kawiri.
Bambo anyamula dzanja logonalo ndi linzake,
aliika bwino pabondo.

"Umenewo usiye," atero.
"Yambitsa."