Masekondi Khumi ndi Anayi

Zaka khumi ndi zisanu ndaima pa ngodya ino ya Toronto,
chikwangwani chofiira m'dzanja, wezulo pakamwa.
Msewu wa Delmar ndimaudziwa monga lilime lidziwira mano:
pamene pali dzenje,
pamene madzi amaundana mu Januwale,
pamene kamdzukulu ka a Hrycak kamataya golovesi chaka ndi chaka.

Kale ndinkawerenga ana.
Masiku ano ndimawerenga galimoto.

Lachiwiri lapitali, belu la sukulu lisanalire,
ndinafika pa mazana awiri ndi makumi atatu,
zala zinachita dzanzi,
pensulo n'kugwera m'chipale chofewa.

Paja panali fakitale ya mabisiketi,
fungo la shuga wopserera ndilo linkatiuza kuti kwacha,
pamera chinyumba cha nsanjika makumi anayi,
magalasi okhaokha, mutu m'mitambo.
Dzuwa limafika pakhonde langa litatopa kale.
China chili m'njira. Chithunzi chake anachimata pampanda:
anthu akumwetulira, akuyenda pansi ndi kagalu,
mitengo yobiriwira mbali zonse.
Pachithunzipo palibe galimoto ndi imodzi yomwe.

Koma pansi pa chinyumbacho pali phanga,
ndipo m'mawa uliwonse limalavula galimoto
ngati ngumbi pachulu mvula itakhathamira.
Za katundu zimaima pakati pa njira, nyali zikuphethira,
basi ikubuula kumbuyo,
wina aliza hutala ngati ndine ndinamanga mzindawu.

Tinasonkhana m'chipinda chapansi cha tchalitchi.
Kunabwera mnyamata wa ku khonsolo, waulemu ndithu,
tayi yabuluu, mapu pakhoma.
Akuti kafukufuku waonetsa
kuti tizichedwa ndi masekondi khumi ndi limodzi basi.
A Hrycak anafunsa za ambulansi
imene inakanika kukhota tsiku lija mkazi wawo anagwa m'bafa.
Mayi Baptiste anafunsa za malo oimika galimoto,
mawu akunjenjemera ngati chivundikiro cha ketulo.
Ine ndinangoti:
mwana wa zaka zisanu amawoloka Delmar
m'masekondi khumi ndi anayi,
ngati chingwe cha nsapato sichinamasuke.
Mnyamatayo analemba. Anathokoza.
Khofi anatha tisanamvane.

Chimene sindinanene mumsonkhano ndi ichi.
Mwana wanga Graça amakhala momwemo,
nsanjika ya makumi awiri ndi chisanu ndi chinayi,
kachipinda koti ukatambasula manja wakhudza makoma.
Nyumba za pa Delmar pano, amene anabadwira pomwepa,
angagule ndani?
Ndinalira zaka zitatu ali kutali, kunja kwa mzinda,
ndinkapempha kuti abwerere pafupi.
Walira mvula walira matope, ndikudziwa.
Ndi namwino, chipatala chake chili komwe basi imafika itazungulira dziko,
ndiye nayenso ali ndi kagalimoto kotuwa.
Lachiwiri lija kanali ka nambala makumi asanu ndi atatu mphambu zisanu ndi ziwiri.
Ndinakaimitsa ngati ena onse.
Anandikwezera dzanja, akuyasamula.

Kalata yodandaula ndinasaina,
ngakhale cholembera chinayamba chazengereza.
Sitikupempha kuti agwetse chilichonse.
Tikupempha maloboti pa ngodya ino, mabampu awiri,
basi yobwera munthu asanaume mapazi.
Akuti aziona chaka chamawa, bajeti ikalola.

Lero kamtsikana ka m'chinyumbamo, Thuy,
kamene kabwera mwezi watha,
kandigwira mkono wa jekete osapempha.
Kakuti pawindo lakwawo ndimaoneka ngati kachidutswa ka lalanje.
Kakuti kamandiyang'ana kakamamwa mkaka.

Ndaponda phula.
Ndakweza chikwangwani m'mwamba, phewa likudandaula.
Mzere wonse waima, mpaka kukamwa kwa phanga,
utsi ukutuluka m'mphuno zawo.
Adikire.
Chimodzi, ziwiri, zitatu,
chingwe cha nsapato chamasuka pa zisanu ndi chimodzi,
ndipo dzanja langa silitsika.