Uchi wa M'ndege

Ndinaipeza kuseri kwa depoti ya Kasungu,
pabwalo la zitsulo zakutha la a Gerevazio,
itagona chammbali pakati pa makasu a thirakitala
ndi mabedi a chipatala othyoka miyendo.
Phiko limodzi linapita kale
kukakhala chitseko cha bafa kwa winawake ku Chankhanga.
Pa linalo mkazi wa mlonda ankayanikapo matewera.

Ndinaizindikira ndi utoto wachikasu wa kumchira.

Ndili mwana, pa esiteti ya fodya ku Lisasadzi,
bambo anga ndiwo ankaima kumapeto kwa mizere
atakweza nsalu yoyera pansungwi
kuti woyendetsa adziwe pokhotera.
Inkabwera chotsika, kupepesula nsonga za fodya,
n'kuwasiyira nkhungu yake yowawa m'tsitsi.
Madzulo amayi ankachapa malaya awo paokha,
kutali ndi athu, kutali ndi mbale.
Chifuwa chinawatenga chaka chomwe ndinalemba Sitandade eyiti.
Sindikuti ndi ndegeyi. Sindine dokotala.
Ndikungonena zomwe mphuno yanga imakumbukira.

A Gerevazio anati, "Mayi, zitsulo pano ndi pa kilo,
koma ichi tengani pa mtengo wa mbuzi ziwiri.
Anyamata anga atopa nacho.
Aliyense wopita ndi sowo amabwerako atatupa zikope."
Ndinasuzumira pawindo losweka.
Pansi pa mpando wa woyendetsa
panalendewera zisa zisanu ndi ziwiri,
zakuda, zolemera, zikung'ung'udza
ngati injini yomwe sanaiuze kuti ntchito inatha.

Ndinali nditabwera kudzagula mgolo.

Tinaisamutsa usiku, njuchi zitagona,
titafukiza ndowe zouma, mabowo titamata ndi dothi.
Matayala anali a ngolo ya a Lufeyo,
ng'ombe zinayi kutsogolo,
mchimwene wanga kumbuyo ndi tochi yofooka mabatire.
Wapolisi wa pa rodibuloko anaizungulira kawiri,
anatsegula buku lake, analitsekanso,
nati, "Ndege yokokedwa ndi ng'ombe ilibe mlandu m'bukumu.
Pitani, koma musauluke."
Akabaza anatiperekeza mpaka pa mlatho, akuliza mabelu.

Kumudzi ananena zambiri.
Ena amati ndapenga, ena amati ndagula ndege ya ufiti ya masana.
Azakhali anakana kulowa pakhomo panga mwezi wathunthu.
Ine ndinkangokwecha,
phulusa, mchenga, sopo, madzi otentha,
masabata atatu, mpaka zikhatho zinasupuka.
Thanki ya mankhwala ndinaichotsa ndekha,
ndinakaikwirira kuchulu, kutali ndi chitsime,
ndipo sindinayimbe nyimbo iliyonse.

Lero yaima kumapeto kwa munda wa mpendadzuwa,
mphuno italoza ku phiri la Kasungu.
M'mimba mwake muli ming'oma isanu ndi umodzi.
Pomwe panali phiko tinakhomapo lata,
silokongola, koma mthunzi wake ndi womwewo.
Nkhuku imaikira pamene pankaponda mapazi a woyendetsa.
Pa msika wa Lachiwiri amafunsa, "Uchi wa m'ndege ulipo?"
ndipo ndimawathirira m'mabotolo a sikwashi.
Azakhali amagula pangongole.

Sindinaikhululukire. Chitsulo sichipempha zimenezo.
Ndimangoipaka girisi m'mahinjesi mvula ikayandikira,
ndi kuthamangitsa ana akamakwera kumchira.

Dzulo m'mawa ndinkayanika nsalu yoyera ya pabedi
pamene zinayamba kutuluka,
mazanamazana, chotsika, kupepesula mitu ya mpendadzuwa.
Ndinapezeka nditaikweza m'mwamba ndi manja onse,
nditaima kumapeto kwa mzere,
mutu nditaweramitsa, mpweya nditaugwira,
kudikira kuti chinachake chigwe.

Pa mkono panga panagwa kaufa kachikasu ka maluwa.
Zinadutsa osakhota.
Ndinaima choncho mpaka mapewa anawawa,
kenaka ndinakatenga zopanira zovala.