Usiku wa Khirisimasi pa Nchalo

Dzuwa lalowa koma kutentha kwatsala,
mlendo wokana kutsanzika.
Odula nzimbe alandira bonasi,
zikhatho zikadali zakuda ndi mwaye wa m'munda,
malaya okha ndiwo atsopano.

Ine ndili panja ndi njinga yanga ya kabaza,
ndatsamira mpanda wa bango.
M'katimo gitala ya Zuze ikulira ndi nsambo zisanu,
inayo inadukira ku Bangula
ndipo palibe wazindikira.

Kenaka magetsi athima. Mdima bii!
Wina watukwana jenereta yopanda mafuta.
Alufandika, mlonda wa pano,
wasolola ulimba wake kuseri kwa makireti,
ndipo mapazi amene amafuna za m'tauni
akumbukira okha utse wa kwawo.
Fumbi lakwera,
likununkha thukuta ndi mlamba wootcha.

Udzudzu ukundiimbira yakeyake kukhutu.
Ndawerenganso ndalama m'thumba:
za nsapato za Nyamazao sizinakwanebe.

Tambala akalira ndinyamula chidakwa chotsiriza,
chitsamira pamsana panga mpaka ku Sekeni
chikung'ung'udza nyimbo ija,
ine n'kumapalasa
motsata kugunda kwake.