Mphindi Zitatu

Kalata yochokera ku Geneva yati:
bungwe lanu lapatsidwa mphindi zitatu.

Ku Shyamnagar, m'kalasi momwe chigumula
chinasiya mzere wa matope pakhoma,
akhala mopanikizana pa mabenchi a ana
kulimbirana choyamba kutchulidwa.

Moyna akuti mchere.
Walowa m'zitsime, wapsereza mpunga,
azamba akuti wafika ndi m'magazi a amayi oyembekezera.
Horipodo msodzi akuti ayi, khoma lotchinga nyanja,
lija linagumuka usiku anthu ali m'tulo.
Mnyamata wolemba akuti ngongole ya dziko,
poti ndalama za khomalo zimathera ku chiwongoladzanja.
Palibe akunama,
n'chifukwa chake tiyi wazizira mkangano usanathe.

Rokeya, amene adzakwere ndege,
akuyeseza ndi wotchi ya pafoni.
Malonje okha adya masekondi makumi awiri.
Wawafufuta.
Wafufutanso "tikupempha modzichepetsa".
Walemba "munalonjeza".

Potuluka, Moyna wamugwiritsa botolo
la madzi a pachitsime chake.
"Mawu akakuthera, ukawapatse alawe."

Rokeya akudziwa kuti pabwalo la ndege
madzi amalanda.
Walilongedzabe, pakati pa zovala.