Mano a ku Chipata

Mbuzi ya pa Kamwendo ija sinafe.
Inadzuka, n'kudzisansa, n'kuzemba kuseri kwa golosale
ngati yangopunthwa pa chitsa.
KaMira kanga ndiko kanagweluka mano.

Miyezi itatu kakuyenda kukamwa kuli yasa,
pa Boma mpaka pa bodala, pa bodala mpaka pa Boma,
redieta pamtunda,
ikumeza ziwala, makoko a mtedza, fumbi la mathiraki.
Anyamata oitanira pa siteji anakatcha Nkhamazokha.
Okwera ankayamba asuzumira kutsogoloko
asanafunse mtengo.

Soya atapita pa sikelo ndinawoloka.
Mnyamata wa m'sitolo ku Chipata analumbira, chala kumwamba:
"Gilili iyi ndi yakeyake, abwana,
ilowa yokha ngati phazi mu patapata."
Pulasitiki wopaka siliva,
wowala ngati supuni ya pa ukwati.
Matumba awiri a soya ndinawanyamula m'khwapa,
osalemera ngakhale ngati nkhuku.

A Malizani amagwira ntchito pansi pa mthethe,
kuseri kwa chigayo.
Anaiyika pamalo pake, anaichotsa, anaitembenuza,
n'kutsinzina diso limodzi.
"Bowo ili likuyang'ana ku Zambia,
ili ku Mozambiki.
Inu mukufuna likhale la ku Mchinji."

Anatuma mwana kukabwereka mbaula kwa mayi wa chimanga chootcha.
Msomali unafiira pa makala,
unalasa pulasitiki, tswii,
kautsi konunkha kanandilowa mpaka m'dzino
langa lija la kumanzere, lomwe sindilitchula kunyumba.

Kachingwe koyamba kanagwira.
Kachiwiri kanagwira.
Kachitatu, thyo!
Tonse tinayang'ana kumwamba ngati wathyola ndi mthethe.
Iwo sanatukwane.
Anasolola sipoko pa njinga yakufa,
anaipinda ndi pulayala, anaikoleka mkati
momwe diso la wokwera silifika.
Pomwe panali kugwedera anatsinda ndi chidutswa cha chubu.

Boneti inakana kutseka.
Sowo inadya mlomo wa pamwamba pang'onopang'ono,
siliva wanga akugwa pa dothi ngati mamba a chambo,
ine ndikuwerenga mumtima:
ndowa ya soya iyo, ina iyo.
Kachinayi boneti inati khu,
ndipo a Malizani anapukuta manja pa thalauza.

Pakati pake pali chizindikiro cha galimoto ina,
yaikulu, ya anthu a maofesi,
yomwe sindidzaigwira chiwongolero.
"Tichotse?"
Ndinati ayi, chisiyeni.
Ngakhale wa kabaza amavala jekete ya woyendetsa ndege.

Mukaima patali ndi yowongoka.
Mukayandikira yapendekera kumanzere pang'ono,
ngati munthu womwetulira
atamva nkhani yomwe sakufuna kuulula.

Madzulo Esinati anatuluka ndi beseni m'manja,
anazungulira kamodzi, anadziona nkhope mu silivamo,
anakonza duku.
"Kakongola," anatero.
Kenaka, osandiyang'ana:
"Nanga lanu lija, lomwe mumabuula nalo usiku
mukuyesa ndagona?"

Ndinaseka, dzanja pakamwa.
Ndinati mtedza sunagulidwe.
Anati mtedza ndi wa fizi.
Beseni linalowa m'nyumba.

M'mawa pa siteji anyamata anaimba mluzu.
Dzina sanasinthe.
Anayi kumbuyo, awiri kutsogolo, thumba la makala m'buti,
sipoko ikulira pansipansi pa bampu iliyonse,
ine ndekha woimva.

Masana ndinapeza hayala ya ku Kamwendo.
Inalipo, pambali pa tala, ikutafuna katoni,
yomweyo kapena mphwake.
Ndinaponda buleki patali,
ndinaliza hutala kawiri.
Inakweza mutu, inayang'ana mano atsopanowo nthawi yaitali,
n'kupitiriza kutafuna.
Lilime langa linabwerera lokha
pa dzino lija.