Kapepala Kopindidwa Kasanu ndi Kawiri

Eulogio anasiya kuimba mluzu mu Juni.
Tsiku lake sindikulidziwa.
Chete sagogoda,
umangomupeza atakhala kale pampando wako.

Zaka makumi awiri akuyendetsa chikepe
chokweza anthu phiri la ku Valparaíso,
mluzu wake unkafika pamwamba
chikepecho chikadali pakati.
Tsopano atsegula chitseko, atseka,
abweza chenji,
nkhope ili ngati khoma lodyedwa ndi mchere wa m'nyanja.

Tinanamizira chisanu.
Tinanamizira Maite, mwana wathu wosaimba foni,
ngongole ya malata, timu yogonja.
Usiku wina ndinadziloza chala ndekha
ndili pagalasi, ndikuwerenga imvi.

Iye anati: Palibe chikundiwawa, Herminia.
Kungoti zonse zili kutali,
ngati sitima zija zodikira kunja kwa doko.

Ndipo n'zoona, mutu waching'alang'ala unali utaleka.
Kapiritsi koyera kamodzi pogona,
tinkakathokoza ngati mlendo wobwera ndi mphatso.

Ndinkafuna sizasi m'kabati
pomwe kapepala kanagwa m'bokosi la mankhwala,
kopindidwa kasanu ndi kawiri,
zilembo ngati nyerere.
Ndinavala magalasi ake.
Pakati pa kunenepa ndi kuodzera,
pamzere womwewo, popanda ndi mzere wofiira womwe:
kuvutika maganizo.
Mwamuna wanga yense
m'mawu awiri.

Ndinafuna kuwataya m'chimbudzi usiku womwewo.
Wa kufamase anandigwira dzanja:
Musamusiyitse nokha, mayi, pitani kwa amene analemba.

Dokotala anabweza kalendala ndi chala,
Julaye, Juni, Meyi,
n'kuima pamenepo.
Si onse zimawachitikira, anatero,
ndipo mwina si izi zokha.
Koma anatenga cholembera.

Tinatsika pang'onopang'ono,
monga chikepe chimatsikira, chingwe chili chogwira.

Mu Seputembala mutu uja unabweranso tsiku limodzi.
Anagona mumdima, kansalu konyowa pamphumi,
akutukwana makatani, galu wa aneba, boma.
Ine kukhitchini misozi ili chuchuchu,
ndikuseka.
Munthu wotukwana ndiye kuti alipo.

Dzana akumeta ndevu ndinamva kanthu,
theka la nyimbo, lokhota, losafika pamapeto.
Sindinayankhule.
Ndinangotseka mpopi
kuti madzi asasokose.