Funso Lachisanu ndi Chiwiri

Kalata ija yabweranso, envelopu ya khaki,
yagwera mkati mwa chitseko pamodzi ndi bilu ya gasi.
Zaka khumi ndi ziwiri tsopano
chiikireni chitsulo m'bondo langa lamanzere,
ndipo achipatala akufuna kumva
ngati ntchito ya manja awo ikadalipo.

Sadachotse lonse. Dokotala Ainsworth
adajambula papepala, nati nyamakazi
yadya mbali yamkati yokha,
inayo ikadali ndi moyo, tiigwetserenji?
Ndiye chigamba basi, ndidatero ine,
iye nthabwalayo idamudutsa.

Chigambacho chagwira.
Chakwera nane zitunda za Walkley,
majumbo m'manja, mvula ikulowa m'khosi.
Chatembenuza nane nkhalamba za eni usiku
mpaka tsiku lomwe ndidapachika yunifomu.
Maureen wa bedi loyandikana nane
adabwererako zitatha zaka zisanu, chake chidagwedera,
adamuika lonse, pano amandilonjera ndi ndodo.
Ine kaya ndi mwayi, kaya n'kuwondaku.

Koma Januwale akaluma,
mbali imene adaisiya ija imang'ung'udza
ngati chitseko chosowa mafuta.
Yachitsulo ili phee.
Yobadwa nayo ndiyo ikukalamba.

Ndikuchonga timabokosi ndi cholembera cha mdzukulu.
Kutsika masitepe: pang'onopang'ono.
Kulowa m'galimoto: bwinobwino.
Ululu wa usiku: mwa apo ndi apo.
Lachisanu ndi chiwiri:
kodi mungathe kugwada, n'kudzukanso?

Apa cholembera chaima.
Iwo akuganiza zokolopa, mwina zobzala maluwa.
Sadziwa kuti pa chinkhoswe cha Tionenji,
m'holo ya tchalitchi ku Rotherham,
ndidapereka moni kwa amalume a mnyamata
nditaima njo ngati mtengo wa magetsi,
manja okha akuwomba,
manyazi akutsika mpaka pachipsera.
Palibe adanena kanthu. Ndidamva ndekha.
Bokosi la zimenezo palibe.

Ndaponya pilo pakapeti.
Ndagwira mpando, ndatsika,
ndafika.
Kuli dzanzi, ngati ndabwereka bondo la wina,
ndipo palibe wamkulu woti ndimulonjere
kupatula hita ikulira pakona.
Kudzuka kwatenga Atate Wathu wathunthu.

Ndachonga: movutikira kwambiri.
Ndamata ndi malovu, ndavala jasi.
Bokosi lofiira la makalata lili pamwamba pa chitunda,
ndipo ndodo imene adandipatsa chaka chijachi
ikadali kuseri kwa chitseko, ikolekedwa ambulera.